Diso Lomwe Bambo Gwedeza Ankatsinzina

Bambo Mfumu, akuluakulu a mpingo, anamfedwa, abale a ku Malawi ndi a ku Zambia, ndi inu anzawo a kuntchito amene mwaima nafe pamphepo pano ngakhale chiyankhulo chathu simuchimva, zikomo pobwera. Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Spencer Gwedeza, a Ngozo. Anabadwa pa 9 Juni 1957 m'mudzi mwa Chimphamba, Mfumu Yaikulu Kwataine, m'boma la Ntcheu, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndine Watson, mlongo wawo wa Mayi Ethel, akazi a malemu, ndiye kuti awa ndi alamu anga. Mbiri iyi gawo lalikulu analiona okha ali moyo. Anakonzamo madeti awiri, n'kundilamula kuti ndisawakometsere, ndinene momwe zinalili.

Sukulu anayambira ku Nsipe m'chaka cha 1965, napitiriza ku sekondale ya Ntcheu. Mu 1977 anasankhidwa kukaphunzira ntchito ya mu labu ku Lilongwe, yoyeza magazi ndi makhololo, ndipo atamaliza anatumizidwa ku kachipatala ka mishoni kumalire a Dedza. Kumeneko magetsi kunalibe. Maikulosikopu, makina aja oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, inali imodzi yokha, yakale, yoyang'anira ndi diso limodzi, ndipo kuwala inkatenga kudzuwa kudzera pa kagalasi kapansi. M'mawa uliwonse ankainyamula n'kuiika pazenera. Aphunzitsi awo anawauza kuti poyang'ana maso onse azikhala otsegula, koma alamu anga anapeza kuti amaona bwino akatsinzina lakumanzere. Anatero tsiku loyamba, ndipo sanasiyenso.

Amene anagwira nawo ntchito akudziwa lamulo lomwe ankayendera: chomwe sanachione pagalasi loikapo dontho la magazi sankachilemba. Kwathu munthu thupi likangophwanya amafika kuchipatala atadziuza kale kuti ndi malungo, ndipo amafuna pepala livomereze. Ena olemba mankhwala ankawanong'oneza kuti angolemba, mzere ufupike. Iwo ayi. Ngakhale mayi anga, apongozi awo enieni, anayenda mtunda wautali kukayezetsa kwa mkamwini, akuti wachibale awathandiza msanga. Mkamwini anagwada, kulandira chala mwaulemu wonse, kuyang'ana kawiri, n'kulemba kuti malungo mulibe. Mayi anabwerera ali ndwii, ndipo mwezi wathunthu ankangowatchula kuti munthu wa magalasi uja. Pambuyo pake zinadziwika kuti linali dzino.

Anakwatira mlongo wanga Ethel mu 1986 ku tchalitchi cha Nsipe, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu, Susan, Rex ndi Maziko. Mu 2001, kudzera mwa masisitere a kuno amene ankagwira nawo ntchito, anapeza mwayi wodzawonjezera maphunziro kuno ku Dublin. Atamaliza analembedwa ntchito mu labu ya chipatala china chachikulu, ndipo mu 2003 banja linawatsatira, n'kukhazikika ku Ongar. Kuno anapeza makina amakono, oyang'anira ndi maso onse awiri. Iwo ankaika nkhope pamenepo n'kutsinzinabe lakumanzere. Anzawo ankawaseka kuti chipatala chinagula magalasi awiri koma iwo akugwiritsa ntchito limodzi, ndipo iwo ankayankha kuti linalo akulisungira m'tsogolo.

Kumpingo anali Mkatolika wokhazikika. Ankawerenga mawu pa Misa, ndipo ndiwo anasonkhanitsa mabanja a ku Ongar ndi Tyrrelstown kuti tikhale ndi mphakati wathu wopemphera m'Chichewa. Ife alamu tinkawanena kuti pa zonse za pansi ndi kumwamba, Mulungu yekha ndiye anamulola kukhala wosaoneka. Wailesi ikanena kuti kugwa mvula, ankatsegula zenera kuti aone. Mwana akati homuweki wamaliza, ankati abweretse kope. Ana ankawayankha m'Chingerezi, iwo ankapitiriza m'Chichewa, koma kope linkabwera ndithu.

Chuma cha dziko lino chitagwa, zinatikhudza tonse. Nyumba zomwe tinkamanga ku Citywest zinaima zopanda madenga, ine ntchito inatha, ndipo alamu ananditenga kukhala kwawo osandifunsa kuti ndichoka liti. Kuntchito kwawo anthu atatu anapita ku Australia ndi ku Canada, ndipo m'malo mwawo simunalowe wina. Otsala ankagwira ntchito ya anthu awiri. Malemu sankadandaula. Ankati munthu amene anayezapo magazi a anthu zana pa tsiku ndi kuwala kwa dzuwa sangaope ntchito ya m'nyumba yofunda.

Matenda awo anaonekera mu Okutobala 2010, ndipo anaonekera mwa njira yoti munthu akhoza kuseka. Pachikope chakumanja panatuluka kachithupsa, diso n'kutupa. Popeza ntchito inali yambiri, anapitabe, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu anayang'ana m'makina ndi lakumanzere. Anaona chithunzithunzi chakuda pakona, ngati wina wagwirapo ndi chala chamafuta. Anapukuta galasi. Chinalipobe. Anasamukira pa makina ena, nacho chinasamuka. Atafika pa achitatu anayamba kulalata kuti chichepetsereni anthu, labu yonse yachita uve. Mnzawo wina anabwera, kusuzumira, n'kunena kuti makina onse ndi oyera. Masana amenewo ali m'basi, anaphimba diso lakumanja ndi chikhatho. Chithunzithunzi chija chinali pazenera la basi, ndipo mapolo a magetsi m'mbali mwa msewu ankaoneka opindika.

Dokotala wa pafupi anawatumiza ku chipatala cha maso. Kumeneko anawadonthezera mankhwala okulitsa mwanadiso, kuwaunika mkati, kuwajambula, ndi kuyendetsa kachipangizo pachikope koyezera kukula kwa chomwe chili kuseri. Dokotala wamkulu, mayi wodekha kwambiri, anawauza kuti mkati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, muli chotupa chakuda. Dzina lake ndi melanoma, khansa yoyambira m'tizigawo tomwe timapereka mtundu ku diso. Anati ndi nthenda yosowa, ndipo pakati pa anthu akuda ndi yosowa koposa, moti iye pa zaka zake zonse za ntchito anali asanaionepo mwa munthu wa kwathu. Anapempha chilolezo choitana anzake kuti adzaone nawo. Alamu anatiuza kuti tsiku limenelo anadziwa momwe kadontho ka magazi kamamvera pagalasi, anthu akusinthana kukasuzumira.

Nkhani yabwino inaliponso. Nthenda imeneyi ikafuna kuyenda imathamangira ku chiwindi, koma atajambula anapeza chiwindi chili bwino. Ndipo chotupa chinali chidakali cha msinkhu woti diso likhoza kupulumuka. Dokotala anafotokoza kuti pali kachitsulo kopyapyala, kofanana ndi batani la jekete, kotulutsa mphamvu yowotcha khansa. Amakasokerera kunja kwa diso moyang'anizana ndi chotupa, kamakhala masiku anayi kapena asanu, kenako amakachotsa, chotupa n'kumafota pang'onopang'ono. Anati angathe kuwachita zimenezi masabata awiri akubwerawo.

Apa ndi pamene alamu anga anafunsa funso lawo: galasi lili kuti? Ankafuna atengeko kachidutswa ka chotupacho, akaike pagalasi, akaone. Dokotala anati nthenda iyi imadziwika poiyang'ana ndi poiyeza, kawirikawiri popanda kulakwitsa, ndipo pamalo pomwe chinali, kulowetsa singano kukanatha kuwononga kuona komwe ankafuna kupulumutsa. Malemu anathokoza bwinobwino, kutenga chipewa chawo, n'kutuluka. M'galimoto anatiuza maganizo awo. Mwina ndi magazi oundana, mwina ndi kachipsera kobadwa nako. "Iwo omwe anena kuti kwa ife sichioneka. Nanga chiyambe ndi ine bwanji, popanda wochiona?"

Anandiuza kuti ndisakometsere, ndiye ndinena: ine ndinakwiya. Ndinawauza kuti uku si kusamala koma makani, ndipo makani a ku Ntcheu adzatipha tonse. Susan analira. Bambo Mfumu anabwera kudzamwa tiyi kawiri, nkhani n'kukhala yomweyo. Makalata a kuchipatala ankabwera, iwo n'kumawasanja bwino m'dirowa. Sikuti sankaopa. Ankaopa kwambiri, ndipo munthu woopa amagwira chomwe akuchidziwa. Chomwe iwo ankachidziwa chinali kuyeza, choncho anayamba kudziyeza okha.

Anatenga mapepala a timabokosi omwe Rex ankachitira masamu, n'kuika kadontho pakati. Lamulungu lililonse pochokera ku Misa ankamata pepala pafiriji, kuima pamalo amodzi omwe analemba pansi ndi tepi, kuphimba diso lakumanja, kuyang'ana kadontho, n'kujambula ndi pensulo malire a chithunzithunzi chija. Akatero ankalemba deti. Kenako ankafanizira ndi la sabata yatha, n'kunena kuti ndi chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kwa dzanja chabe. La sabata yatha linkalowa mu emvulopu, ndipo emvulopuyo sinkatsegulidwanso. Anatero masabata khumi ndi anayi. Khirisimasi inadutsa, chipale chofewa chachikulu chija cha chaka chimenecho chinagwa n'kusungunuka, ife tikungoyang'ana munthu akujambula pafiriji.

Mlongo wanga si munthu wolongolola. Nthawi yonseyi ankawapempherera, n'kumawasongolera pensulo. Lamulungu lina mu Febuluwale 2011, titabwera ku Misa, tinapeza patebulo palibe mbale. Anali atatenga emvulopu ija n'kuyala mapepala onse khumi ndi anayi mondondoza madeti, kuyambira uku mpaka uko. Anawakokera mpando, nati: "Bambo a Susan, munati simukhulupirira musanaone. Dzanja ndi lanu, madeti ndi anu. Onani."

Malemu anakhala pansi. Anawerenga timabokosi ta pepala loyamba, tinali khumi ndi kamodzi. Anawerenga ta lomaliza, tinapitirira makumi anayi. Anawerenganso kachiwiri, monga mwa chizolowezi chawo, akuloza ndi nsonga ya pensulo. Atamaliza anasonkhanitsa mapepala, kuwalinganiza m'mbali, n'kupempha akazi awo kuti awasitire shati yoyera. Lolemba m'mawa anali oyamba pakhomo la chipatala, emvulopu ili m'manja.

Atawayezanso, anapeza kuti chotupa chakula kupitirira pomwe kachitsulo kaja kangafike. Njira yotsala inali kuchotsa diso. Alamu sanatsutse. Anapepesa kwa dokotala chifukwa chomutayitsa nthawi, napempha chinthu chimodzi, kuti likachotsedwa awalole kuona galasi. Dokotala anaseka, n'kuvomera. Opaleshoni inachitika pa 8 Malichi. Mlongo wanga anafika ndi chitenje, beseni ndi kabulangeti, atakonzeka kugona pansi pambali pa bedi monga gadiyani wa kwathu, ndipo anamwino anavutika kumufotokozera kuti kuno odwala amagona okha. Inu a mphakati munabwera kudzazonda anthu oposa makumi awiri, aliyense ndi fulasiki, pomwe lamulo linali awiriawiri. Mzere unafika pamasitepe. Wodwala wa pabedi loyandikana anafunsa ngati munthuyu ali nduna kwawo.

Patatha masabata atatu anawaitana ku labu yomwe inayeza disolo. Tinapita atatu, iwo, mlongo wanga ndi ine. Anavula jekete, kukhala pampando, kukonza makina momwe amafunira, n'kunena kuti lero palibe chotsinzina. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kutifotokozera pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi ophunzira: tizigawo tatitali tothinana ngati mpunga, fumbi lofiirira pakati pake, apa tikugawikana, apo tikukankha khoma la diso koma sitinabowole. Anayamikira dzanja la amene anadula ndi kupaka utoto, kuti ndi ntchito yaukhondo. Anaitana akazi awo kuti aone nawo, ndipo iwo anati akungoona maluwa a chitenje. Pomaliza anazimitsa nyali ya makina, nati dokotala uja sananame. Abale, ine sindinaonepo munthu wosangalala chotero atapezeka wolakwa. Potuluka anatigulira tchipisi tonse.

Tsiku lomwelo, tikudya m'galimoto, ndi pomwe ananena za malo ano. Anauzidwa kuti chotsala cha disolo chisungidwa mu labu zaka zambiri kuti ena aziphunzirirapo. Iwo anati ngati ndi choncho, chiwalo chawo chatsogola kale m'dziko lino, ndipo tsiku lawo likadzafika tisadzawagawe pawiri. Abale a ku Chimphamba anauzidwa, anadandaula, koma anavomera. N'chifukwa chake taima pano lero osati ku Ntcheu.

Anawapangira diso loikirira. Wopanga anatsegula dirowa yodzaza ndi maso obiriwira ndi otuwa ngati a amphaka, ndipo alamu anafunsa ngati angabwereke limodzi la buluu kuti adzatiopsezere ife alamu awo. Lawo anachita kulipenta pamanja, iwo atakhala pomwepo, ndipo linafanana moti ambiri mwa inu munkaiwala kuti ndi liti. Mu Juni anabwerera kuntchito. Akuluakulu ankada nkhawa kuti munthu wa diso limodzi agwira bwanji pa makina, koma anzawo anachitira umboni kuti wakhala akugwira ndi limodzi chiyambireni.

Zaka ziwiri zotsatira zinali zabwino, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse. Anaperekeza Susan kuguwa mu 2012, navina ngoma ya kwawo mu holo ya ku Tyrrelstown mpaka jekete kung'ambika m'khwapa. Ananyamula mdzukulu wawo woyamba. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ankapita kukajambulitsa chiwindi, ndipo sanaphonyepo, ankafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Funso la miyezi itatu ija silinawachoke. Anamufunsa dokotala ngati kuchedwa kuja kudzawatengera zoposa diso. Dokotala anati nthenda iyi nthawi zina imatumiza mbewu zake munthu asanadziwe n'komwe kuti akudwala, ndipo palibe angayankhe motsimikiza. Iwo sanabisale kumbuyo kwa yankho limenelo. Pa mphakati ankanena poyera kuti anachita zopusa, ndipo tikatha kupemphera ankatiimika tonse, kutiphimbitsa diso ili kenako ilo, tikuyang'ana mphuthu ya chitseko. Bambo Bonaventure a ku Chipata, amene ali pakati pathu pano, anadziwira pomwepo kuti diso lawo lina layamba ng'ala, ndipo anathandizidwa.

Mu Epulo chaka chino, 2013, chithunzi cha chiwindi chinaonetsa madontho. Nthawi imeneyi madokotala anali atawadziwa bwino munthu wawo. Anakonzeratu zonse. Zithunzi zinali pakompyuta, zakale ndi zatsopano moyandikana, ndipo anawauza kuti ngati akufuna, atengako kachidutswa ndi singano kuti adzaone okha pagalasi asananene chilichonse. Kompyutayo inali itatembenukira mbali yomwe kunakhala mlongo wanga, kumanzere kwawo, komwe iwo sankaona. Dokotala anagwira kuti aitembenuze. Malemu anakweza dzanja kumuletsa, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Mayi a Susan, inu mwaona?"

Mlongo wanga anati waona, ndipo ndi ambiri.

"Ndiye zakwana. Tiyeni tizipita kunyumba."

Ine ndinali pakhomo la chipindacho, ndipo ndinatuluka kukalirira panja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, munthu amene ankatsegula zenera pofuna kutsimikiza mvula yomwe mkazi wake wanyowa nayo, tsiku limenelo sanayang'ane n'komwe. Analandira chithandizo chomwe madokotala anati chingawapatse masiku opanda ululu, ndipo anachilandira osafunsa galasi. Chilimwe chonse anakhala kunyumba, akuwothera dzuwa kuseri, mdzukulu ali pamiyendo. Makalata a kuchipatala ankawawerengera akazi awo, iwo n'kumangogwedeza mutu. Anamwalira Loweruka pa 14 Seputembala, nthawi ya kadzutsa, kunyumba kwawo ku Ongar, atalandira masakramenti, akazi awo atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 56.

Asiya akazi awo, Mayi Ethel Gwedeza. Asiya ana atatu, Susan, Rex ndi Maziko, mkamwini mmodzi ndi mdzukulu mmodzi. Ku Chimphamba asiya mchimwene wawo wamkulu ndi alongo awiri, amene akulira maliro awa pa ola lomwe lino. Asiyanso apongozi awo, mayi anga, amene ali ndi zaka 88, ndi ife alamu anayi amene tasowa wokangana naye.

Alamu, ndawerenga monga munanenera, sindinawonjezere. A Ngozo, ntchito mwaimaliza, pitani bwino. Apumule mu mtendere wa Ambuye.